Ndinadwalapo Kale, Kodi Ndingadwalenso?

Chisanu cha mu Juni ndi Julayi chikagwira mapiri a kwa Dambe ndi ku Nsambe, m'tchalitchi mumamveka kutsokomola kuyambira pa nyimbo yolowera mpaka pa mdalitso womaliza. Ndi nyengo imene inu amayi a m'mabungwe a mpingo mumachulukidwa maulendo: kukazonda odwala a mu mphakati, kukatungira madzi agogo amene agona, kukadikirira m'bale amene amugoneka ku chipatala cha Neno kapena cha Lisungwi. Pogawana ntchito zimenezi pamamveka mawu a mitundu iwiri. Wina amati, "Ndipita ndine. Chaka chatha chinandigwira mpaka kundiika pa mpweya, thupi langa linachizolowera." Wina amati, "Ine chinangondikhudza masiku awiri, kaya ndinatengapo chitetezo kaya ayi."

Amayi awiriwa akufunsa funso limodzi limene madokotala akhala akulifufuza kwa zaka zambiri: munthu akachira matenda a m'njira ya mpweya oyambitsidwa ndi vairasi, monga chimfine, fuluwenza kapena Covid-19, chitetezo chimene thupi lapanga chimakhala nthawi yaitali bwanji? Nanga kukula kwa matendawo kumasinthapo kanthu? Mayi woyamba uja wanena zoona pang'ono. Amene anadwala kwambiri nthawi zambiri amatsala ndi chitetezo chochuluka m'magazi, ndipo chimachedwa kutha. Koma ngati mfundo imeneyi ikumuchititsa kulowa m'nyumba ya wodwala mosasamala, ndiye kuti wamva theka la nkhani.

Tiyambe ndi dzina, chifukwa limasokoneza. Pali ma antibodi, ndiye pali ma antibayotiki. Ma antibayotiki ndi mankhwala monga Amoxicillin ndi Bactrim, amene amapha mabakiteriya. Vairasi samugwira n'komwe, n'chifukwa chake kugula makapisozi pa golosale chifukwa cha chimfine ndi kutaya ndalama, komanso kumachititsa kuti mankhwalawo adzaleke kugwira ntchito tsiku limene adzafunikedi. Ma antibodi sagulidwa. Amapangidwa ndi thupi lanu lomwe.

Mawu oti "asilikali a m'thupi" mumawadziwa. Amenewa ndi maselo oyera a m'magazi, ndipo ali m'magulu osiyanasiyana. Gulu lina ntchito yake ndi kupanga ma antibodi, timene ndi tinthu tating'onoting'ono toyenda m'magazi ndi m'mamina. Tikakumana ndi kachirombo timakakamira, kotero kachiromboko kamalephera kulowa m'maselo a m'mphuno kapena a m'mapapo, ndipo asilikali ena amakaona msanga n'kukadya. Chofunika kukumbukira n'chakuti antibodi iliyonse imapangidwira kachirombo kake, monga chivundikiro chimayenerana ndi poto wake. Ma antibodi a chikuku sangakutetezeni ku fuluwenza. Ngakhale chimene timangochitchula kuti chimfine chimayambitsidwa ndi mitundu ya mavairasi yoposa 200, ndiye kuchira chimfine cha mu Meyi sikuletsa china kukugwirani mu Julayi.

Kachirombo kachilendo kakalowa m'thupi, ma antibodi sapezeka tsiku lomwelo. Thupi limayamba laphunzira maonekedwe a mdaniyo, ndipo sukulu yake ndi timitsempha tija timatupa m'khosi kapena m'khwapa, timene timati mwanabere. Pamatenga sabata imodzi kapena awiri kuti ma antibodi ayambe kuoneka m'magazi, ndipo amafika pachimake pakapita masabata atatu mpaka asanu. Kenako amayamba kutsika. Kutsikaku si matenda ayi, ndi mmene thupi linapangidwira. Antibodi ya m'magazi imakalamba, moti pakatha pafupifupi masabata atatu theka la zimene zinalipo limakhala litatha, pokhapokha patakhala maselo opitiriza kupanga zatsopano. Maselo ambiri amene anadzuka pa nthawi ya nkhondo amafa nkhondoyo ikatha. Ochepa amakabisala m'mafuta a m'mafupa, n'kumatulutsa ma antibodi pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka. Enanso amangokhala chete, osapanga kanthu, koma akusunga chithunzi cha mdani uja. Amenewa ndi maselo okumbukira.

Ganizani za nkhokwe. Mu Meyi imadzaza, pofika Disembala mukukokota pansi. Koma mayi wanzeru amakhala atapachika ngala zingapo za mbewu ku khitchini, pa utsi. Ma antibodi ndi chimanga cha m'nkhokwe chimene mungadye lero. Maselo okumbukira ndi mbewu ija. Ilipo, ndipo idzakupulumutsani, koma siphikidwa tsiku lomwelo. Maselo okumbukira amafuna masiku angapo kuti adzuke ndi kudzazanso magazi ndi ma antibodi.

Zimene anapeza kwa odwala kwambiri ndi odwala pang'ono

Covid-19 isanabwere kunali kale abale ake awiri oopsa. Woyamba ndi SARS, amene anabuka ku China kumapeto kwa 2002 n'kufalikira mu 2003. Ambiri amene anamutenga anadwala chibayo chachikulu. Madokotala a ku China anatsatira anthu 176 amene anachira, napeza kuti ma antibodi awo anakhalapo kwa zaka ziwiri, ndipo m'chaka chachitatu anatsika kwambiri. Wachiwiri ndi MERS, amene anapezeka koyamba ku Saudi Arabia mu 2012 ndipo amachokera ku ngamila. Apa ndi pamene kusiyana kunaonekera poyera. Pakati pa ogwira ntchito m'chipatala mu mzinda wa Jeddah amene anatenga matendawa, amene anadwala chibayo choopsa anali akadali ndi ma antibodi patatha miyezi 18. Amene anangomva kachimfine, kapena osamva kalikonse, m'magazi mwawo simunapezeke kanthu. Ku South Korea, kumene MERS anafika mu 2015, anapeza zofanana atayeza anthu patapita chaka.

Covid-19 inatsata njira yomweyo. Mu 2020 ku Wanzhou, m'dziko la China, anayerekeza anthu 37 amene anali ndi kachiromboka koma osadwala ndi anthu 37 amene anadwala. Patatha masabata asanu ndi atatu atatuluka m'chipatala, pa 100 aliwonse a gulu losadwala lija 40 analibenso ma antibodi ooneka, pamene mwa odwala aja anali pafupifupi 13 okha. Ku London, akatswiri a King's College anatsatira odwala kwa miyezi itatu. Onse ma antibodi awo ankatsika, koma amene anadwala kwambiri anali atayambira pamwamba, ndiye ngakhale atatsika anali akadali nawo ambiri. Ena mwa odwala pang'ono anali atatsala pang'ono kubwerera pamene anayambira.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Matenda akakula ndiye kuti kachirombo kanachuluka, kanatsikira m'mapapo, ndipo kanakhalitsa. Thupi linamenya nkhondo masabata angapo, linadzutsa asilikali ambiri, ndipo ambirinso anatsala. Wodwala pang'ono, kachirombo kanathera m'mphuno ndi pakhosi, thupi silinafunike kukuwa mudzi wonse. Tinene mosabisa: ma antibodi ochuluka a mayi amene anagona pa mpweya uja ndi chipsera cha nkhondo imene anatsala pang'ono kugonja. Anzake ena amene anadwala chimodzimodzi tinawaperekeza ku manda.

Nanga mayi wa masiku awiri uja alibe kalikonse? Ali nako. Ku St Louis m'dziko la America, akatswiri a Washington University anatenga mafuta a m'mafupa mwa anthu amene anadwala Covid-19 pang'ono chabe, patatha miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa. Mwa ambiri anapezamo maselo aja obisala, akupangabe ma antibodi. Anaonanso kuti ma antibodi a m'magazi amatsika mofulumira m'miyezi inayi yoyamba, kenako kutsikako kumachepa, ndipo anali akuonekabe patatha miyezi 11. Ku Singapore nako, mu 2020 anayeza anthu amene anadwala SARS mu 2003, napeza kuti gulu lina la asilikali okumbukira linali likumuzindikirabe mdaniyo patatha zaka 17. Choncho ma antibodi akaleka kuoneka pa chipangizo choyezera, sizitanthauza kuti thupi laiwala.

Chifukwa chimene munthu amadwalirabe kachiwiri

Ku Salisbury, m'dziko la England, kunali malo amene anthu ankadzipereka okha kuti awadonthezere chimfine m'mphuno pofuna kuphunzira za matendawa. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1990, anthu 15 anapatsidwa vairasi ina ya banja la korona, ya chimfine wamba. Khumi anaitenga. Ma antibodi awo anakwera, kenako anatsika. Patatha chaka anawaitananso n'kuwadonthezera vairasi yomweyo. Mwa anthu asanu ndi anayi amene anabwera a gulu lomwe linaitenga poyamba, asanu ndi mmodzi anaitenganso. Koma palibe amene anadwala chimfine, ndipo kachiromboko kanatha msanga m'mphuno mwawo.

Kafukufuku wamng'ono ameneyu amafotokoza bwino zimene timaona m'midzi mwathu. Chitetezo choletsa kachirombo kulowa chimatha msanga, m'miyezi chabe. Chitetezo choletsa matenda kukula chimakhalitsa. Pakati pa ziwirizi pali mpata umene munthu angathe kukhala ndi kachirombo m'mphuno, iye osamva kanthu kapena kungoyetsemula, n'kukapatsira wina. Kwa inu amene mumalowa m'nyumba za okalamba ndi amayi ongobereka kumene, mpata umenewu ndi umene uyenera kukudetsani nkhawa kuposa china chilichonse m'nkhani ino.

N'chifukwa chiyani m'mphuno muli chonchi? Ma antibodi a m'mamina ndi a mtundu wina, ndipo amatha msanga kuposa a m'magazi. A m'magazi amafika bwino m'mapapo, koma m'mphuno amafikamo ochepa. Kachirombo ka fuluwenza kapena ka Covid-19 kamaswana m'mphuno mofulumira, tsiku limodzi, awiri kapena atatu munthu wayamba kale kupatsira ena, asilikali okumbukira asanadzuke. Akadzuka amateteza mapapo, koma m'mphuno amapeza mlendo atakhala kale pa mphasa.

Palinso vuto lina. Mavairasi ena amasintha maonekedwe. Fuluwenza imasintha pang'onopang'ono chaka ndi chaka, n'chifukwa chake katemera wake amakonzedwa mwatsopano chaka chilichonse. Covid-19 tinaionera tokha. Odwala oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Funde loyamba linakula mu Julayi chaka chomwecho, pa nthawi imene mabasi a abale athu ochokera ku South Africa ankalowa pa chipata cha Mwanza, ena n'kudutsa pa Zalewa pomwe pano. Lachiwiri, la mtundu wotchedwa Beta, linafika mu Januwale 2021, ndipo mukukumbukira kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale. Lachitatu, la Delta, linafika cha mu Julayi 2021, ndipo lachinayi, la Omicron, mu Disembala. Omicron inali itasintha kwambiri moti ma antibodi a anthu amene anadwala mitundu yoyamba ankangoigwira pang'ono. Chivundikiro chinalipo, koma poto anali wina. Ambiri anadwalanso, kuphatikizapo amene poyamba anagonekedwa m'chipatala.

Magazi a Amalawi anatiuzanso kanthu. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, mogwirizana ndi bungwe loona zopereka magazi la Malawi Blood Transfusion Service, anayeza magazi a anthu opereka magazi mwezi ndi mwezi. Mu Okutobala 2020 pafupifupi anthu 18 pa 100 aliwonse anali ndi ma antibodi a Covid-19. Pofika Meyi 2021 anali pafupifupi 65 pa 100. Awatu ndi anthu athanzi, ambiri achinyamata, oti ambiri mwa iwo sanagonepo m'chipatala chifukwa cha matendawa. Tanthauzo lake n'lakuti kachiromboka kanayenda mwa anthu ochuluka mwakachetechete. Ndipo ngakhale anthu ambiri chotere anali ndi ma antibodi mu Meyi, Delta inabwerabe mu Julayi, Omicron mu Disembala. Chimene chinasintha n'chakuti pa funde la Omicron odwala anachuluka koma omwalira anachepa poyerekeza ndi mafunde awiri apakati aja. Mbali ina ndi chifukwa cha mtundu wa kachiromboko, mbali ina ndi mbewu ija imene matupi anali atasunga kudzera m'kudwala ndi m'katemera.

Chikuku ndi chosiyana, ndipo ndi bwino tichitchule chifukwa ambiri mwa ife maganizo akuti "ukadwala kamodzi basi watha nazo" tinawatenga kwa icho. Chikuku nacho chimalowera m'mphuno ndi m'kamwa. Mu 1846 chinagwa pa zilumba za Faroe, kumpoto kwa Ulaya, ndipo dokotala wachinyamata wa ku Denmark, Peter Panum, anatumizidwa kukaona. Pa anthu osakwana 8,000, oposa 6,000 anadwala. Koma anapeza okalamba 98 amene anadwalapo chikuku mu 1781, pamene chinafikako komaliza, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadwalanso. Zaka 65 zinali zitapita. Chikuku chimatero chifukwa sichisintha maonekedwe amene ma antibodi amagwira, chimayenda m'magazi mmene ma antibodi ali ambiri, komanso chimatenga masiku khumi kapena kuposa chisanaonekere, zimene zimapatsa thupi nthawi yodzuka.

Wina angati, ndiye mwana adwale chikuku athane nazo. Ayi ndithu. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi muno ndipo pafupifupi 300 anamwalira. Kuwonjezera apo, kafukufuku wa mu 2019 anaonetsa kuti chikuku chimapha maselo okumbukira a matenda ena. Mwana amachira chikuku atataya gawo la ma antibodi amene anali nawo olimbana ndi matenda amene anadwalapo kale, ndiye miyezi yotsatira amangodwaladwala chibayo ndi kutsegula m'mimba. Agogo athu ankaona zimenezi ngakhale sankadziwa chifukwa chake. Katemera wa chikuku amapereka chitetezo chokhalitsa popanda kuotcha nkhokwe zinazo.

Ana akhanda, okalamba ndi amene ali ndi matenda okhalitsa

Mwana amabadwa ndi ma antibodi obwereka. M'miyezi itatu yomaliza ya pakati, ma antibodi a mayi amadutsa mu nsengwa n'kulowa m'magazi a mwana. N'chifukwa chake mwana wobadwa masiku asanakwane amabwera ndi ochepa, ndipo chimfine chimene kwa inu ndi chosaopsa kwa iye chingasanduke chibayo. Zobwerekazi mwana sangazionjezere yekha, zimangotsika mwezi ndi mwezi, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi zambiri zimakhala zitatha. Apa ndi pamene pagona nzeru ya masiku a katemera olembedwa m'buku la ku sikelo. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9, pamene ma antibodi a mayi achepa moti sangamufooketse, ndipo amabwerezedwa pa miyezi 15 pofuna kugwira ana amene woyamba sanawagwire bwino. Wachiwiriyu ndi amene amayi ambiri amaiwala, poti mwana wayamba kuyenda ndipo sikelo yayamba kutopetsa. Pozonda mabanja a mu mphakati, pemphani kuona bukulo.

Mkaka wa m'mawere ulinso ndi ma antibodi, makamaka a mtundu uja woteteza m'kamwa, pakhosi ndi m'matumbo, ndipo mkaka woyamba wachikasu ndiwo uli nawo ambiri. Usafinyidwire pansi. Mayi woyamwitsa akadwala chimfine apitirize kuyamwitsa, asambe m'manja, ndipo aphimbe pakamwa ndi mphuno poyamwitsapo. Thupi lake likupanga ma antibodi a kachirombo komweko kamene kali m'nyumbamo, ndipo ena akupita mu mkaka.

Nkhani ya HIV ingatithandize kumvetsa mfundo ina. Kachipangizo kaja kobaya pa chala sikayang'ana kachirombo, kamayang'ana ma antibodi. N'chifukwa chake mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amayezedwa mwa njira ina pa masabata asanu ndi limodzi, poti ma antibodi a mayi ake angakhale m'magazi mwake mpaka miyezi 18 ngakhale iye alibe kachirombo. Onaninso kuti munthu amene ali ndi HIV ali ndi ma antibodi ambirimbiri, koma sachotsa kachiromboko. Kupezeka kwa ma antibodi kumangosonyeza kuti thupi linakumana ndi mdani. Sikulonjeza kuti mdaniyo sangapambane.

Amene ali ndi HIV ndipo akumwa ma ARV mokhulupirika, kachirombo kakagona, matupi awo amapanga ma antibodi a matenda ena pafupifupi ngati wina aliyense. Amene anasiya mankhwala, kapena asilikali awo atsika kwambiri, amapanga ochepa ndipo amatha msanga. Chimodzimodzi okalamba: thupi la zaka 75 limachedwa kuphunzira mdani watsopano, ndipo limachedwa kudzuka mdani wakale akabwerera. Odwala shuga, impso, mtima, khansa, ndi ana onyentchera, onsewa chimfine chimawalemera kuposa anzawo. Kuno ku Neno tili ndi mwayi wakuti kuyambira 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo anthu a HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu ndi khunyu amaonedwa pa kiliniki imodzi ya matenda okhalitsa. Kusajomba ku kiliniki imeneyo ndi gawo la kudziteteza ku chibayo, ngakhale poyamba sizioneka ngati zikugwirizana.

Tibwerere kwa mayi amene anagona pa mpweya uja. Tizifunsa kuti, n'chifukwa chiyani matenda anamukulira iye pamene anzake anangoyetsemula? Nthawi zambiri pamakhala chifukwa: zaka, shuga amene sanayezedwe, mphumu, mapapo amene anavulala ndi chifuwa chachikulu kapena ndi utsi wa nkhuni wa zaka makumi anayi m'khitchini yopanda zenera. Chifukwa chimenecho sichinachoke pamene anatuluka m'chipatala. Mapapo amene adwala chibayo chachikulu amatenga miyezi kuti abwerere, ndipo ena amatsala ndi befu akamakwera chitunda. Ma antibodi amene ali nawo ndi a kachirombo kamodzi kaja. Wodwala amene akupita kukamuona mwina ali ndi fuluwenza, mwina chifuwa chachikulu, chimene ndi bakiteriya ndipo ma antibodi ajawo sachidziwa. Kunena zoona, pa gulu lonse mayi ameneyu ndi amene sayenera kutumidwa msanga kwa wotsokomola. Mupatseni ntchito yophika phala kunyumba, ena akapereke.

Katemera amalowa pati m'nkhaniyi? Katemera amaonetsa thupi chithunzi cha mdani popanda nkhondo yeniyeni. Wa Covid-19 anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Papa Fransisko anapempha anthu kuti aone kubayitsa ngati ntchito ya chikondi kwa anzawo. Chimene akatswiri m'mayiko ambiri anapeza n'chakuti munthu amene anadwalapo, kenako n'kubayitsa, amakhala ndi ma antibodi ochuluka komanso ogwira mitundu yambiri ya kachiromboko kuposa amene anangodwala chabe. Kwa wodwala pang'ono uja, katemera amadzutsa maselo okumbukira n'kumufikitsa pamene mnzake anafika movutika, kapena kupitirira. Bungwe la World Health Organization linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 si mliri wadzidzidzi wa dziko lonse, koma kachiromboko kakuyendabe limodzi ndi zimfine zina. Ngati muli ndi zaka zambiri, muli oyembekezera, kapena muli ndi matenda okhalitsa, funsani alangizi a zaumoyo kapena anamwino za katemera amene alipo ndi amene akuyenerani, ndipo musawabisire kuti munadwalapo.

Mwina mukufunsa ngati munthu angapite kukayezetsa kuti adziwe ma antibodi amene watsala nawo. Kuyeza kotere kumathandiza akafukufuku kudziwa mmene matenda ayendera m'dera, monga anachitira ndi magazi aja. Kwa munthu mmodzi sikuthandiza kwenikweni, chifukwa sikuona maselo okumbukira, sikuona za m'mphuno, ndipo sikunena za mtundu wa kachirombo umene udzabwere chaka chamawa. Ndalama ya ulendo wa ku Blantyre isungeni.

Pokazonda wodwala chifuwa kapena chimfine, kaya munadwalapo kaya ayi, chitani monga munthu amene angatenge komanso angapatsire. Ngati wodwalayo angathe kutuluka, khalani naye pa khonde kapena pansi pa mtengo. Ngati sangathe, tsegulani chitseko ndi zenera, ndipo musalowe gulu lonse nthawi imodzi. Ndikudziwa kuti mwambo wathu ndi kudzaza m'nyumba n'kuimba, ndipo wodwala amasangalala nazo, koma kuimba m'kachipinda kotseka kumatulutsa mpweya wambiri wa m'chifuwa. Awiri alowe akapemphere naye, enanu muimbire panja, amva bwinobwino. Sambani m'manja ndi sopo pofika ndi pochoka. Ngati inuyo mukuyetsemula, ngakhale mukuona kuti ndi kachimfine chabe, sabata imeneyo musapite kwa agogo kapena kwa chikuta. Tumizani ufa ndi moni.

Ndipo mukafika, yang'anani kapumidwe. Mwana akagona phee, werengani mpweya wake kwa mphindi imodzi yathunthu. Wosakwana miyezi iwiri akafika 60, wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika 40, ndiye kuti akupuma mofulumira ndipo aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati pokoka mpweya, akamakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena akamavuta kudzutsa, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Wamkulu akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, akamamva kubaya m'chifuwa, akasokonezeka mutu, kapena milomo ikada, musadikire kuti muone mawa. Misewu yathu mukuidziwa, makamaka nthawi ya dzinja, ndiye kwa ife kunyamuka msanga ndi gawo la mankhwala. Ndipo wotsokomola kwa masabata awiri akapereke makhololo kuti amuyeze chifuwa chachikulu, ngakhale atakuuzani kuti ndi chimfine chomwe chija chimamugwira chaka chilichonse.